Mayina M'kope la Bambo

Area 12, Lilongwe
2 Febuluwale 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Nanga chimanga cha kumunda wa kumtunda chapulumuka ng'amba ija? Mundilembere zonse, chifukwa pafoni mumangoti "tilipo" kenako n'kudula. Kuno ndilipo, kungoti kutopa.

Kalatayi ndapatsira a Sophie, anamwino a pachipatala chathu cha kumudziko. Ndinakumana nawo ku depoti ku Old Town. Akuti amabwera m'tauni Lachisanu lililonse kudzaona ana awo n'kubwerera Lamulungu, ndipo avomera kuti azitinyamulira makalata. Mu envulopumu muli mankhwala anu a bipi ndi pepala lina limene ndikufuna mundithandize nalo.

Pa Khirisimasi munandifunsa kuti ntchito yanga ku City Centre ndi yotani, ine n'kuyankha mozemba. Lero ndifotokoze. Kampani yathu yapatsidwa ntchito ndi bungwe lina la alimi. Bungwelo likufuna kuti mlimi aliyense akhale ndi akaunti yake, azilandira pafoni uthenga wa nyengo ndi wa misika. Koma wolembetsa alimiwo sadzakhala munthu. Adzakhala makina a pakompyuta amene amacheza ngati munthu, aja akumatchedwa AI. Mlimi azidzalankhula nawo pafoni, iwo n'kumufunsa mafunso, kenako n'kugwiritsa ntchito chida china cha m'kompyuta momwemo chimene chimatsekula akauntiyo.

Tsono makinawa chidacho sachidziwa. Amangodalira tsamba limodzi la malangizo limene analemba anzathu opanga mapulogalamu, lonena kuti chidachi chimachita chakuti, chipatseni zakuti, chikayankha chakuti ndiye kuti zatheka. Tsambalo likasiya mpata, makinawo amangodzaza ndi zongoganizira. Ntchito yanga ndi kuliwerenga n'kulipatsa malikisi, kuyambira imodzi kulekeza asanu, poona ngati lili lomveka, lokwanira ndiponso loona.

Ndaliwerenga milungu itatu. Ndimaliwerenga mu ofesi, m'minibasi, ngakhale pakhomo pa kanyumba kanga kuseri kuno magetsi akazima. Tsopano maso anga angolizolowera, sindikuonanso cholakwika kapena cholondola. Abwana anga, a Mackford, akufuna lipoti mwezi wa Malichi usanathe.

Ndiye ndinakumbukira inu ndi zaka zanu makumi atatu za ukalaliki ku Capital Hill, mukusunga mafayilo a anthu. Tsambalo ndalimasulira m'Chichewa. Chonde inuyo mukhale makinawo. Musagwiritse ntchito nzeru zanu, mungotsata zimene zalembedwazo. Tengani kope, muyese kulembetsa amayi ndi anthu ena apafupi, ndipo paliponse pamene pepalalo lakusiyani osadziwa chochita, mulembe. Ndi zongoyeserera chabe.

Ndine mwana wanu,
Emmie


Nsaru
6 Febuluwale 2025

Mwana wanga Emmie,

Kalata yako yafika, mankhwalanso afika. Tithokoze. Mwendo wa amayi ako waphwa, koma akupitabe kudimba ngakhale ndiwaletse. Chimanga cha kumtunda chafota theka. M'mudzi muno mabanja ambiri ayamba kudya kamodzi patsiku. Iwe ukudya? Kalata yako sinanene.

Pepala lako ndaliwerenga katatu, kachitatuko ndili ndi pensulo. Amene analilemba amachidziwa bwino chida chakecho, n'chifukwa chake sanachifotokoze. Matenda amenewa ndinkawaona ku Capital Hill. Bwana amalemba mizere iwiri, iye ali ndi nkhani yonse m'mutu, kalaliki n'kutsala akuyang'ana denga.

Ndinayamba ndi amayi ako. Pepala likuti, "Lembani dzina." Ndinawafunsa dzina lawo. Anandiyang'ana nati, "Zaka makumi anayi tili m'nyumba imodzi, lero mukufunsa dzina?" Ndinati lero ine si mwamuna wanu, ndine makina. Anati, "Chabwino a Makina, ndine Naphiri." Komatu ku tchalitchi anabatizidwa Eveless, pa chiphaso cha unzika anawalemba Evelesi Phiri, ndipo kuchipatala amawaitana Mayi Kathewera. Pepala silikunena kuti mwa mayina anayiwa ndilembe liti. Ndinasiya mpata.

Kenako likuti, "Lembani nambala ya foni, munthu aliyense yake." M'nyumba muno foni ndi imodzi. Ndinali nditadzilembetsa kale ineyo ndi nambala imeneyo. Nanga ikabweranso kachiwiri ndi dzina lina, chida chakocho chimatani? Chimakana? Chimalandira? Ndafufuza tsamba lonse, palibe mawu. Ndiponso ukudziwa kuti kuno nyumba zambiri zili ngati yathu.

Wachitatu anali a Twahir, okonza njinga pamsika. Tsiku lawo lobadwa salidziwa. Akuti amayi awo ankangonena kuti anabadwa fodya akukololedwa, chaka chimene bambo awo anabwerako ku Joni. Pa chiphaso chawo analembapo 1 Januwale, ndipo iwo akuti, "Limenelo ndi tsiku la boma, osati langa." Pepala likuti tsiku lobadwa n'lofunika, basi. Silikunena kuti lilembedwe motani, kapena titani ngati mwini wake salidziwa.

Funso langa lalikulu ndi ili. Kalaliki akasokonezeka amapita kukagogoda kwa bwana. Makina akowa amagogoda kwa yani? Pepalali silinawapatse chitseko.

Anthu atatu ndi ochepa poyeza pepala. Ndipitiriza.

Bambo ako,
Maynard Kathewera


Area 12, Lilongwe
16 Febuluwale 2025

Okondedwa Bambo,

Moni wa kuno. Ndikudya, musade nkhawa. Amayi muwauze apumeko kudimba. Mvula yayambanso kumeneko?

Kalata yanu ndinaiwerengera pa depoti pomwe, ndili chiimire, ndipo ndinaseka ndekha pa a Makina aja. Koma Lolemba nditafika ku ofesi kuseka kunatha. Ndinayesa funso lanu la nambala. Ndinauza makinawo kuti alembetse mwamuna, kenako mkazi wake, nambala imodzimodziyo. Chida chija sichinakane. Chinafufuta dzina la mwamuna n'kuikapo la mkazi, n'kuyankha kuti "zatheka." Makinawo, poti malangizo anawauza kuti yankho limenelo likutanthauza kuti zonse zili bwino, anathokoza mkaziyo mwaulemu. Mwamuna uja anangosowa, popanda womuuza. Ndinabwereza kasanu, kasanu konse chimodzimodzi.

Ndinapita nazo kwa a Mackford. Anavula magalasi n'kutikita maso nthawi yaitali.

"Emmie, ntchito yako ndi kuyeza tsamba, osati chida," anatero.

Ndinati tsamba limene silikunena kuti chida chimafufuta anthu ndi tsamba lonama.

"Ndamva. Koma a bungwe asungitsa kale holo ya mwambo wotsekulira. Anyamata opanga mapulogalamu atsala awiri, wina uja anapita ku Nairobi. Uilembe nkhaniyi m'munsi ngati ndemanga."

Si munthu woipa, Bambo. Amachoka ku Area 9 m'mamawa kukasiya ana kusukulu, amaweruka ofesi yonse itapita, ndipo nawonso ali ndi owafunsa. Koma m'lipoti langa loyamba ndalipatsa tsambalo malikisi awiri, ndipo mfundo zanu zitatu ndaziika pamwamba, osati m'munsi.

Tsono chonde lekerani pomwepo. Anthu atatu aja akwanira. Musalembenso wina aliyense. Nyengo ino anthu akaona kope ndi cholembera amaganiza zina, ndipo ndinalakwa kusanena zimenezi poyamba. Kopelo muliike m'kabati.

Mwana wanu,
Emmie


Nsaru
27 Febuluwale 2025

Mwana wanga Emmie,

Tilipo. Ndikhulupirira nawenso uli bwino, ngakhale yankho la kalata yanga sindinalione. Kuchipatala akuti a Sophie anawatumiza ku maphunziro ku Zomba kuchokera m'tauni momwemo, ndipo sakudziwa kuti abwera liti. Kalatayi ndiisiya pa tebulo lawo, iwadikire. Ndikudziwa kuti uli ndi ntchito yambiri.

Ntchito yako ikuyenda. Pofika dzulo ndalemba anthu 146, ndipo kope lachiwiri ladzaza, moti atsopano ayamba adikira. Sindinawaitane. A Twahir anangotchula pamsika kuti ndinawalemba, mawa lake ndinapeza azimayi asanu ndi mmodzi atakhala pakhonde, ziphaso zili m'manja. Tsopano akuchokera ndi kumidzi ya kutsidya kwa dambo. Ndatulutsa tebulo lija la makina osokera. Ndimayamba 8 koloko n'kutseka 12 koloko, ndipo ndimavala tayi, poti munthu wobwera ndi chiphaso chake ayenera kulandiridwa bwino.

Aliyense ndimamuuza kuti izi n'zongoyeserera. Amavomera ndi mutu n'kunditambasulira chiphaso. Mayi wina anati, "Lembani, a Kathewera. Ngakhale a chimanga a chaka chatha ankati akungoyesa." Ena atandipanikiza kuti mayinawa akupita kuti, ndinati akupita ku ofesi ya mwana wanga ku City Centre. Sindinaname, poti kopeli lidzafikadi kwa iwe.

Pepala lako lapitiriza kundisiya panjira. Kuli amuna awiri, onse a Eddie Mbewe, obadwa chaka chimodzi, mudzi umodzi, wina wa kumpoto kwa chitsime wina wa kumwera. Pepala lilibe malo olembapo chowasiyanitsa. Kuli a Zondiwe, mayi wa ku Mzimba amene anakwatiwa kuno, amuna awo anamwalira mu Okutobala. Nambala imene amagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la malemuwo, ndipo foniyo masiku ano imagona kwa alamu awo. Ukawatsekulira akaunti, uthenga uzifika kwa yani? Kuli ena khumi ndi anayi opanda chiphaso, ena chinatayika, ena chinatha masiku. Pamene pakuti "mudzi," ena akutchula mudzi wawung'ono, ena waukulu, ena dzina la sukulu. Zonsezi ndalemba m'mbali ndi inki yofiira, tsamba ndi tsamba.

Amayi ako akuti ndayambanso kuimba mluzu posamba, chimene anasiya kumva chipumireni ine pantchito. Mwina n'zoona. Msana ukupweteka madzulo, koma ndikumagona bwino.

Undiuze chinthu chimodzi. Kodi bungwe lakolo kulembetsa kwenikweni lidzayamba liti, ndipo kodi limangotumiza mauthenga basi? Anthu akufunsa tsiku lililonse, ndipo njala yakula.

Bambo ako,
Maynard Kathewera


Nsaru
13 Malichi 2025

Emmie mwananga,

Ndine amayi ako. Uli bwanji kumeneko? Ine kulemba sindinazolowere, uwerenge choncho. Abambo ako sakudziwa kuti ndikulemba. Foni anaizimitsa n'kuitsekera m'kabati chifukwa anthu amaimba kumawanyoza, n'chifukwa chake sukutipeza.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera lole ya chimanga kusukulu, ya bungwe lina lachifundo, losakhudzana ndi za kwanuko. Mayina a olandira analemba kalekale mu Novembala. Koma anthu onse amene abambo ako anawalemba anapita ndi matumba. Ena anachoka kwawo kusanache. Anakhala padzuwa mpaka masana, mayina akuitanidwa, ndipo mwa iwo anamveka mwina makumi awiri okha. Lole itapita, anthuwo sanapite kwawo. Anabwera kuno.

Ine ndinali kuseri ndikusenda maungu. Ndinamva mawu pabwalo. Wina anati, "A Kathewera, mayina athu munakagulitsa kuti?" Wina anati mayinawo anapita kwa iwe m'tauni, ndipo chimanga chathu alandira anthu ena ndi ziphaso zathu. Abambo ako anatuluka ndi tayi yawo, pepala lako lija lili m'manja, n'kuyamba kuwawerengera kuti amve kuti silinena za chimanga. Palibe anamvetsera. Mmodzi wa a Eddie aja anakankha tebulo, mwendo wake unathyoka. Anatenga kope limodzi n'kupita nalo. A Twahir ndi amene anakalilanda n'kulibweza mawa lake, lili lonyowa.

Sanawamenye. Koma mayi wina wa kutsidya, ali ndi mwana kumbuyo, anangoima n'kunena motsitsa kuti, "Ine ndinkakutengani ngati bambo anga." Mawu amenewo ndi amene awagwetsa.

Akulu a mpingo anabwera Lachisanu. Analankhula mwaulemu, koma anati abambo ako ayambe apuma kuwerenga zolengeza m'tchalitchi mpaka nkhaniyi imveke. Ntchito imeneyo aigwira zaka zisanu ndi zitatu. Tsopano amangokhala m'chipinda. Sakudya bwino. A Sophie abwera Lolemba lapitali, anawayeza, akuti bipi yakwera kwambiri. Ndi tsiku lomwelo anatipatsa kalata yako yoti alekere pomwepo. Inayenda nawo m'chikwama mpaka ku Zomba. Abambo ako anaiwerenga, anaipinda, n'kuiika m'Baibulo.

A Sophie apepesa, ndipo ine sindikuwaimba mlandu. Iwe umapatsa malikisi mapepala a anzako. Kalata yako yoyamba ija nanenso ndaiwerenga. Unati "anthu ena apafupi." Angati? Alekere pati? Anthu akafunsa awauze chiyani? Unawauza kuti asagwiritse ntchito nzeru zawo, ndipo anakumvera. Munthu wakhala zaka zisanu ndi zinayi chipumireni pantchito popanda womufunsa kanthu, iwe n'kumutumizira ntchito, unkayesa aleka pa anthu atatu?

Sindikukukalipira. Ndatopa chabe. Bwera udzalankhule ndi anthuwa wekha, chifukwa ife akutiyesa akuba.

Amayi ako,
Naphiri


Area 12, Lilongwe
16 Malichi 2025

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Makalata anu awiri ndalandira tsiku limodzi, Lachisanu. Ndinayamba ndi ya bambo, ya mluzu ija, kenako ya amayi. Ndinakhala pa benchi ya depoti mpaka minibasi zitatu za kwathu kuno zinadzaza n'kupita.

Bambo, pepani. Ndinaimba kawiri mu Febuluwale, munati "tilipo, ntchito ikuyenda," ine n'kumayesa mukunena za kumunda. Ndinkayesa kalata yanga inafika. Sindinafunse. Amayi anena zoona, ndipo sindiwonjezerapo.

Ndibwera Loweruka likubwerali. Chonde amayi mupemphe akulu a mpingo andipatse mphindi zochepa Lamulungu mapemphero akatha. Mupemphenso a Twahir auze anthu a kumzikiti ndi a pamsika kuti ndidzaima pamalo pawo pokonzera njinga masana. Ndidzabwera ndi kalata ya ku ofesi yonena kuti mayinawo sanafike kwa ife ndipo kampani yathu sigawa chimanga. A Mackford avomera kuisayina. Atamva zimene zachitika anangoti, "Abambo ako ali ndi zaka zingati?" Nditawauza anati bambo awo nawonso ali ku Ekwendeni, amakhala okha.

Za lipoti sizili bwino. Dzulo, ngakhale linali Loweruka, anandiitanira mu ofesi mwawo. Opanga mapulogalamu awonjezera mzere umodzi pa tsamba lija, wakuti makina afunse dzina la pa chiphaso. Zina zonse zili momwe zinalili.

"Akonza, Emmie. Sungakweze kufika anayi? A bungwe sangalandire chinthu cha malikisi awiri."

Ndinati mzere wa dzina ndauona ndipo ndauyamikira m'lipoti, koma chida chikufufutabe anthu ndipo tsamba silikunenabe.

"Atatu?"

Ndinati akadakonza mzerewo mwezi watha ndikadapereka atatu, koma tsopano kwa bambo anga kuli masamba 146 osonyeza mipata ina. Anafunsa ngati angawaone. Ndinati ayi, muli mayina ndi manambala a ziphaso za anthu amene sanavomere kuti afike kuno. Ndidzangokopera ndemanga za inki yofiira zija, ngati bambo alola.

Bambo, imwani mankhwala, ndipo idyani. Simukuyenera kundiyankha.

Mwana wanu,
Emmie


Area 12, Lilongwe
6 Epulo 2025

Amayi,

Kalatayi ndi yanu nokha. Ndapempha a Sophie akupatseni m'manja mukapita kukayezetsa mwendo. Bambo akudya tsopano? Mankhwala atsala a masiku angati?

Chiimireni m'tchalitchi muja mtima wanga sunakhazikike. Ndinafotokoza zonse, ndinawerenga kalata ya ku ofesi, ndinapepesa. Ndinkayesa ndamveka. Kenako gogo uja wa pa benchi yakutsogolo n'kukweza dzanja kufunsa kuti, "Tsono chimangacho chibwera liti?" Munaona mmene bambo anaweramira. Komabe ndathokoza kuti akulu a mpingo awabwezera ntchito yawo ya zolengeza, ngakhale a kutsidya sakuwapatsabe moni.

Tsopano nkhani yanga. Kontirakiti yanga inatha pa 31 Malichi ndipo sanaiwonjezere. Sananene kuti n'chifukwa cha lipoti. Anati gawo loyeza latha. Koma lipoti langa anapatsa mnzanga Jordan kuti alionenso, ndipo limene linapita ku bungwe lili ndi malikisi anayi ndi dzina lake. Jordan anabwera pa desiki yanga ndikulongedza, anati, "Achemwali, mkazi wanga ali ndi pakati." Ndinamuuza kuti ndamva. Sindinamukwiyire. Mphamvu zokwiyira ndinalibe.

Mwambo wotsekulira unachitika Lachinayi pa hotela ina ku City Centre. Ine ndinangoona mbendera zake ndili m'minibasi. Madzulo ake a Mackford ananditumizira uthenga pafoni. Akuti atawerenga ndemanga za bambo anakakamiza anyamata aja kukonza za nambala, moti tsopano chida chimakana nambala ikabwera kachiwiri, ndipo makina amauza munthuyo kuti akaonane ndi mlangizi wa zaulimi wa kwawo. Akuti, "Abambo ako ananena zoona." Za a Zondiwe, za opanda ziphaso, za mayina ofanana, akuti adzaziona mtsogolo. Sindikudziwa ngati ndisangalale. Chinthu chimene ndinachotsedwera anachikonza, ine n'kukhala nditachotsedwabe.

Pakadali pano ndikuthandiza pa shopu ya a Shabir ku Old Town, yosindikiza ndi kufotokopa. Ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito, pakati pake n'kumataipanso anga. Ndimachoka m'mawa nthawi yomwe ndinkachokera kale, moti ngakhale eni nyumba kuno sakudziwa.

Chonde bambo musawauze. Akamva adzati ndi iwo andichotsetsa, ndipo bipi ija sinatsike bwino. Ndidzawauza ndekha ndikapeza pena.

Mwana wanu,
Emmie


Nsaru
17 Epulo 2025

Mwana wanga Emmie,

Moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda bwino. Amayi ako anandiuza kuti za nambala zija abwana ako anakonza. Ndakondwa. Uwathokoze m'malo mwanga. Kuno tayamba kudya zaziwisi, nkhope za anthu zayamba kubwerera. Ndikumwa mankhwala. Ukaona zilembo zikupendama usadabwe, ndi ukalamba.

Sindinakulembere chibwerere chako chifukwa ndinali ndi ntchito. Ndinaganiza kuti mayina aja si anga, si akonso, ndipo sayenera kugona m'kabati mwanga. Ndinatenga lezala n'kudula tsamba lililonse m'makope awiri aja. Mwayi wake ndinkalemba munthu mmodzi pa tsamba lake. Kwa milungu itatu ndakhala ndikuyenda nyumba ndi nyumba, m'mawa dzuwa lisanakule, kubweza tsamba kwa mwini wake. A Twahir anandibwereka njinga yopitira kutsidya, koma pokwera mtunda ndimaikankha.

Ena analandira n'kuthokoza. Ena anang'amba ine ndikuona. A Eddie amene anathyola tebulo sanatuluke, ndinasiyira akazi awo, koma Loweruka ndinapeza mwendo wa tebulolo utakhomedwa, ndipo amayi ako akuti anabwera ndi misomali yawo ine kulibe. Mayi wa mwana kumbuyo uja anatenga tsamba lake osandiyang'ana. Ndinapepesa, iye analowa m'nyumba. Ndilibe chomudandaulira. A Zondiwe anandikhazika pampando, anawerenga tsamba lawo pang'onopang'ono mpaka ndemanga yofiira ya m'mbali, nafunsa kuti, "Funso ili la foni munawafunsa a kutauniwo?" Ndinati ndinafunsa. "Anati chiyani?" Ndinati akuliona.

Ndabweza masamba 145. Latsala limodzi. Ndi la a Yunusu Chiwaula, bambo wachikulire wa kutsidya amene ankakhala yekha. Anabwera kudzalembetsa pa 21 Febuluwale, ndikukumbukira chifukwa anapempha madzi akumwa ndipo anakhala nthawi yaitali asanadzuke. Nditafika pakhomo pawo ndinapeza chitseko chomangidwa ndi waya. Oyandikana nawo akuti anamwalira kumapeto kwa Malichi. Ana awo ali ku Joni, palibe amene ali ndi nambala yawo. Kuwotcha tsambalo ndalephera. Kulisunga ndilibe chilolezo.

Ndinabwerera ku pepala lako kuti ndione ngati likunenapo kanthu. Ndawerenga kawiri. Likufotokoza kutsekula akaunti basi. Silikunena kuti mwini wake akamwalira, kapena akafuna kuti dzina lake lichotsedwe, makinawo atani, ndipo auze yani. Ku Capital Hill fayilo ya womwalira tinkaitseka ndi kalata, ndipo panali munthu woisayina. Ichi ndinachiphonya m'ndemanga zanga zonse, ndipo ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zina zija. Chonde ukafika ku ofesi ukachitule kwa a Mackford, poti aonetsa kuti ndi munthu womva. Undiuze zimene ayankhe. Tsambalo ndilisunga mpaka nditamva kwa iwe.

Bambo ako,
Maynard Kathewera

Emmie, ndine amayi ako, ndalemba m'munsi muno iwo atapita kukasamba. Sindinawauze. Lachisanu lililonse amakadikira a Sophie pamsewu, ngakhale akudziwa kuti makalata amabwera Lamulungu. Uwayankhe kanthu.